Kadontho ka Mayi Edilma

Mayi Edilma Grisales anabadwira m'mapiri a kumpoto kwa Manizales, m'banja la anthu othyola khofi m'minda ya eni ake. Sukulu sanapite nayo patali, koma zimene anaphunzira anazigwira zolimba. Mphunzitsi wawo, Mayi Ofir, ankakonda zaudongo. Ankati nambala ikafika pa chikwi, uike kadontho kuti diso lisasochere, ulembe 1.000. Ikakhala ya zidutswa, monga chimodzi ndi theka, uike mpatuliro, kadontho kamchira kaja, ulembe 1,5. Tonse kuno timalemba chomwecho, pa mtengo wa nsapato m'sitolo ngakhale pa chikwangwani chonena kutalika kwa phiri. Madontho a Edilma ankakhala ozungulira bwino, moti kope lawo ndi limene linkayendetsedwa m'kalasi kuti ena aonereko.

Ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi anatsikira m'tauni, napeza ntchito yotsuka mabotolo m'labotale ya pasukulu ya ukachenjede. Anatsuka zaka zisanu ndi chimodzi asanaloledwe kukhudza china chilichonse. Koma maso awo ankakhala pa manja a ophunzira, makamaka pa kapaipi kodonthezera kamene amayezera timadzi ta mankhwala. Tsiku lina wothandiza aphunzitsi atadwala, iwo anakagwira kapaipiko, ndipo kuyambira pamenepo sanabwererenso ku sinki. Dzanja lawo silinkanjenjemera. Ophunzira nambala zikawasokonekera ankathamangira kwa iwo asanapite kwa aphunzitsi.

Mmodzi mwa ophunzirawo anali Yuliana Aristizábal, mtsikana wamisozi yapafupi koma wamakani. Mayi Edilma anamupeza pamasitepe akulira chifukwa zoyesa zake zinkatuluka zosiyana tsiku lililonse.

"Kapaipi ukukafinya ngati ukukama ng'ombe, mwana iwe," anamuuza motero. "Chala chizipuma. Bwera ndikuonetse."

Patapita zaka khumi, Yuliana anabwerako kumaphunziro ali dokotala wa sayansi. Anatsegula kakampani m'chipinda chimene kale ankaphikiramo buledi, pamsewu wotsetsereka umene basi imakwera ikulira. Anatenga mnzake Dairo Loaiza, injiniya woseka ndi aliyense, kenaka anapita kukagogoda kwa Mayi Edilma. Pa nthawiyo n'kuti mayiwo ali ndi zaka makumi asanu. Anavomera asanamve n'komwe za malipiro.

Atatuwa ankafunafuna maenzaimu. Tinthu timeneti sitioneka ndi maso. Timapangidwa ndi nkhungu ndi tizilombo ta m'nthaka, ndipo ntchito yake ndi kuphwanya zinthu, monga mmene malovu amafewetsera chakudya m'kamwa. Iwo ankafuna enzaimu yoti iziphwanya msanga makoko a khofi, amene chaka ndi chaka amaunjikidwa kuseri kwa minda, n'kumanunkha ndi kudetsa mitsinje. Vuto linali kuchedwa. M'nthaka ya supuni imodzi mumakhala tizilombo tosawerengeka, ndipo kuti udziwe kabwino uyenera kuyesa kamodzikamodzi. Mayi Edilma ankadontheza timadzi m'thireyi ya timaenje 96, n'kudikira. Enzaimu ikakhala yamphamvu, timadzi tinkasanduka tachikasu, kachipangizo koyezera n'kupereka nambala, iwo n'kuilemba m'kope. Pa tsiku ankamaliza mathireyi atatu.

Dairo anali kupanga makina oti azichita zomwezo mwachangu. Timadontho tochepa kuposa fumbi tinkadutsa m'kanjira kagalasi kopyapyala ngati tsitsi, ndipo kuwala kunkawerenga kalikonse. Pa ola limodzi makinawo ankayesa zikwizikwi. Anawapatsa dzina loti Apongozi, chifukwa ankang'ung'udza tsiku lonse ndipo sankakhutira ndi kanthu.

Boma lili ndi thumba lothandizira makampani ang'onoang'ono ochita kafukufuku. Limapereka m'magawo awiri. Gawo loyamba ndi la miyezi isanu ndi inayi, loti uonetse kuti maganizo ako si maloto chabe. Lachiwiri ndi la zaka ziwiri, ndipo limapita kwa okhawo amene akhutiritsa oyendera ntchito. Kakampani ka Yuliana kanapeza gawo loyamba, ndipo chimene boma linkafuna kuona chinali chimodzi: kodi mayankho a makina akufanana ndi a dzanja? Yuliana sanawabisire anzake. Gawo lachiwiri likapanda kubwera, chitseko adzatseka.

Choncho chilichonse chimene Apongozi asankha, Mayi Edilma ankachiyesanso pamanja. Lachisanu lililonse ankakhala pa kompyuta, magalasi ali pamphuno, n'kumalowetsa nambala za m'kope ndi zala ziwiri. Pulogalamu yake inabwera kuchokera kunja pamodzi ndi nyali ya makinawo.

M'mwezi wachisanu ndi chimodzi kunabwera chimwemwe. Mayi Edilma anali atabweretsa nthaka m'botolo la jamu, yotapa pansi pa mulu wa makoko kwa mchimwene wawo kumapiri. M'nthakamo Apongozi anapeza enzaimu ya mphamvu 950, ndipo dzanja linapeza 960. Dairo anavina yekha pakati pa chipinda, naipatsa dzina loti Edilmina. Panali chinthu chimodzi chokha chosokoneza. Pa enzaimu yogula, imene aliyense amayerekezera nayo zatsopano, Apongozi ankati 1180, pamene kompyuta inkaonetsa kuti Mayi Edilma anapeza pafupifupi palibe. Aliyense ankadziwa kuti yogulayo imafooka ndi kuwawasa kwa makoko a khofi, ndiye nambala yaing'onoyo sinadabwitse munthu.

"Apongozi akutsutsana nanu pa chimodzi, Mayi," anatero Dairo. "Aledzera basi. Dzanja lanu linanamapo liti?"

Iwo anaseka, osafunsa kuti ndi chiti. Dairo anamasula makina katatu kufunafuna vutolo, osalipeza. Lipoti linapita ku boma lonena kuti makina alakwitsa pa chimodzi chokha, ndiponso kuti Edilmina ikuposa enzaimu yogula nthawi mazana asanu ndi atatu. Yuliana anasaina pansi pa mzere wolumbira kuti zonse n'zoona. Mayi Edilma sanaliwerenge. Malipoti sanali mbali yawo.

Woyendera ntchito wochokera ku boma ankayembekezeka Lachinayi. Lolemba m'mawa, Dairo anabwera ndi chipepala chachikulu chochokera kosindikiza, nachimata pakhoma.

"Bwerani muone mwana wanu, Mayi Edilma! Wakula kuposa nsanja ya tchalitchi."

Pachipepalapo panali mizati iwiri. Wa Edilmina unali wautali, wachikasu. Wa enzaimu yogula unali kamzere kogona pansi, kovuta kukaona.

"Kameneka n'chiyani?" anafunsa Mayi Edilma.

"Yogula ija. Ndi inu amene munaiyalutsa."

Mayi Edilma anayang'anitsitsa kamzereko. Maso awo ankakumbukira mathireyi ngati mmene ena amakumbukirira nkhope. Kadzenje ka enzaimu yogula kanali pakona ya kumanja, ndipo kanapsa chikasu cha dzira la nkhuku yakumudzi, kuposa timaenje tonse. Anadikira kuti anawo apite kukamwa khofi, kenaka anatsegula kope pa tsamba 63. Nambala inalipo, yolembedwa mwaudongo: 1.200. Chikwi chimodzi ndi mazana awiri. Anatsegula kompyuta, nafufuza tsiku lomwelo. Pamenepo panalembedwa 1.2.

Anayesa kulemba 1.500 pamalo opanda kanthu, ndipo pulogalamuyo inameza maziro awiriwo, n'kusiya 1.5. Kwa iyo kadontho kankatanthauza zidutswa. Nambala zina zonse za miyezi isanu ndi inayi zinali zosafika pa chikwi, ndiye sizinafune kadontho. Imodzi yokhayi ndi imene inadutsa. Ndiye kuti Edilmina sinkaposa yogula n'komwe, inkachepa. Ndipo Apongozi sanaledzere.

Tsiku limenelo anathyola botolo, chinthu chimene anali asanachitepo kwa zaka makumi awiri. Yuliana anawayang'ana.

"Muli bwino, Mayi?"

"Ndi phulusa la phiri lophulikali, likundiyabwa m'maso."

Anali atamvapo za anthu amene anapereka lipoti lonama ku boma. Ena analetsedwa kupemphanso thandizo kwa zaka zambiri, ena maina awo anatuluka m'nyuzipepala. Amene anasaina anali Yuliana, mwana amene iwo anamudzutsa pamasitepe. Akamva foni ikulira, ankaganiza kuti a boma azindikira kale.

Lachiwiri masana anatsala okha m'labotale. Anatsegulanso tsamba 63, ndipo ganizo linabwera lokha, osaliitana. Woyenderayo adzafuna kuona kope. Kadontho kaja akangokaika kamchira, nambalayo ikhala 1,200, chimodzi ndi kachidutswa, yofanana ndendende ndi ya m'lipoti. Cholembera chinali chomwecho, inki yake yomweyo. Anachitsegula, nachiimika pamwamba pa kadonthoko. Anakhala choncho mpaka mkono unatopa. Atamva mapazi pakhomo, anatseka kope mofulumira ngati wakuba, thukuta lili kamukamu.

Lachitatu m'mawa anaulula zonse kwa amuna awo, a Arnulfo, amene amayendetsa jipi yonyamula anthu ndi matumba kupita kumapiri. Bambowo anamvetsera akudya arepa wawo, mkate wachimanga uja, ali chiimire.

"Ndiye mwasiya kudya masiku awiri chifukwa cha kamchira?"

"Simukumva, bambo. Mwana uja analumbira."

"Ndamva bwinobwino. Ikani kamchirako, nkhani ithe. Woyenderayo adzabwera kudzanunkhiza inki? Anthu akudya misewu yathunthu m'dziko muno, inu mukuopa kadontho!"

"Nanga akadzayesa okha?"

"Pofika nthawiyo mudzakhala mutapeza ina yabwino. Idyani, amayi, mungagwe pamsewu anthu n'kumati sindikudyetsani."

Mayi Edilma anatuluka m'nyumba ataganiza zochita zimenezo. Njira yonse ankadziuza kuti akuchitira anawo. Koma atatsegula chitseko cha labotale anapeza Dairo atakhala pansi, zidutswa za Apongozi zitamuzungulira. Anali atawamasula kachinayi. Chala chake chinali chokulungidwa ndi pepala lamagazi, ndipo sanawalonjere ndi nthabwala monga mwa masiku onse.

"Mawa adzandifunsa chifukwa chake makina analakwitsa pa yogula ija," anatero osadzutsa mutu. "Ndiyankha chiyani? Ndasintha nyali, ndasintha galasi, akungonena 1180 yomweyo. Mwina anzanga amene ankandiseka aja ankanena zoona, Mayi. Mwina ine ndine wokonza mawailesi chabe."

Mayi Edilma anaima pakhomo, chikwama chili m'manja. Mnyamata ameneyu anakana ntchito yabwino ku Bogotá chifukwa cha makina amenewa. Kamchira kaja kakanamusiya akufunafuna vuto limene kulibe, mwina kwa zaka ziwiri zathunthu.

"Siya zimenezo, mwana wanga," anatero. "Kaitane a Dokotala."

Yuliana atamva kuti amutchula Dokotala, anabwera akuthamanga, chifukwa mayiwo ankangomuitana kuti Yuli. Mayi Edilma anayala kope patebulo, naloza ndi chala. Anafotokoza zonse mwadongosolo, kuyambira pa chikasu cha kadzenje kaja mpaka pa maziro amene kompyuta inameza.

Dairo anayamba kuseka. "Ndiye kuti Apongozi ali bwinobwino! Mayi Maria woyera, ali bwino!" Kenaka anayang'ana chipepala chapakhoma, kuseka n'kutha.

Yuliana anakhala pampando pang'onopang'ono.

"Mwadziwa liti?"

"Lolemba."

"Lolemba! Lero ndi Lachitatu, Mayi Edilma! Munthu akubwera mawa!"

"Ndimaopa, Yuli."

"Ndinasaina ine. Mukudziwa zimene amachita ndi munthu wonamiza boma?"

"Olakwa ndine," analowerera Dairo. "Pulogalamu ndinaika ndine, sindinaisinthe kuti iziwerenga ngati anthu."

"Khala chete, iwe!" anakalipa Yuliana. "Sanakufunse munthu."

Mayi Edilma anatulutsa cholembera m'chikwama, nachigoneka pambali pa kope.

"Dzulo ndinatsala pang'ono kuikapo kamchira," anatero. "Ndikukuuza kuti udziwe munthu amene ukugwira naye ntchito. Dzanja linakana. Koma kampani ndi yako, dzina ndi lako. Ukafuna kundichotsa, uwauze kuti ndi nkhalamba yosaphunzira inalakwitsa, sindikana. Ndi zoona."

Yuliana anayang'ana cholemberacho nthawi yaitali. Mayi Edilma anachita mantha ena atsopano, oti mwina mwanayo achitola n'kuchita yekha. Anachitoladi. Anachitembenuza kawiri m'manja, kenaka anachiponya m'thumba la malaya ake.

"Dairo, matula chipepalacho. Ukatero umange Apongozi, mawa agwire ntchito." Anapukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja. "Inu Mayi, konzani yogula ija yatsopano. Ndipo musandiyang'ane choncho, ndingalire."

Lachinayi kunacha ndi phulusa pamagalimoto. Woyendera ntchito anali Mayi Carmenza Villada, wamfupi, waimvi, wosaseka. Anakana khofi. Asanakhale n'komwe, Yuliana anaimirira kutsogolo kwawo ngati mwana wa sukulu, nanena kuti m'lipoti muli cholakwa chachikulu, ndipo anachifotokoza. Sanadumphe kanthu.

"Kope lili kuti?" anafunsa Mayi Villada.

Mayi Edilma analipereka ndi manja awiri. Woyenderayo anapita nalo pawindo, nalipendeketsa kuti kuwala kugwe pa tsamba 63. Analiyang'anitsitsa, nalisisita ndi chala, kenaka anatsegula masamba ena kutsogolo ndi kumbuyo. Mayi Edilma akanaika kamchira kaja, inki ya dzana ikanaonekera pawindo limenelo.

"Analemba ndani?"

"Ndine, mayi."

"Madontho awa anakuphunzitsani ndani?"

"Mayi Ofir, kusukulu ya kwathu."

"Ife anali asisitere, ndi rula pazala." Sanamwetulire. "Chabwino. Zolankhula ndamva. Tsopano ndione ndi maso."

Anatenga timabotolo tinayi, nafufuta zolembedwa pake, naikapo zizindikiro zawozawo atatembenuka. Anati Dairo ayese pa makina, Mayi Edilma ayese pamanja, ndipo asalankhulane. Mayi Edilma atagwira kapaipi kodonthezera, nsonga yake inkavina pamwamba pa thireyi. Zaka makumi atatu dzanja limenelo linali lisanawachitepo zotere. Anakaika pansi, napukuta chikhato pa chovala, nakatolanso. Kankavinabe.

Yuliana anali ataima pakona, moletsedwa kuyandikira. Analankhula motsitsa, ngati akudziuza yekha. "Chala chizipuma."

Mayi Villada anamuyang'ana ndi diso lakuthwa. Mayi Edilma anakoka mpweya, natsamiritsa chigongono patebulo, nayamba kudontheza.

Apongozi anamaliza m'mphindi zisanu ndi imodzi. Dzanja linatenga maola awiri ndi theka, ndipo nthawi yonseyo woyenderayo anakhala pampando manja atapinda. Pomaliza anaika mapepala awiriwo pamodzi. Pa timabotolo tonse tinayi nambala zinali zoyandikana. Pa enzaimu yogula makina anati 1175, dzanja linati 1190. Mayi Edilma anailemba yopanda kadontho, ndipo pambali pake anailembanso m'mawu.

"Makina anu ndi abwino, a injiniya," anatero Mayi Villada akutseka chikwama. Kenaka anatembenukira kwa Yuliana. "Koma inu, a Dokotala, munaona nambala yonena kuti mazana asanu ndi atatu, simunadzuke pampando kukatsegula kope. Munasaina. Ndikalemba zonse zimene ndaona, zabwino ndi zoipa. Ogamula si ine. M'komiti muli anthu amene amati lipoti lolakwika ndi lolakwika basi."

"Ndiye tiyembekezere chiyani, mayi?"

"Kalata."

Inatenga masabata asanu ndi awiri. Mayi Edilma anaonda moti siketi ankaigwiriza ndi pini. Ankafika m'mawa kwambiri, n'kumatsuka mabotolo oyera kale. A Arnulfo anasiya kuwaseka, ndipo tsiku lina anabwera kuchokera kumapiri ndi botolo lina la nthaka, naliika patebulo. Yuliana sanawakalipirenso, koma masiku ena ankangokhala phee pa kompyuta, akutsegula ndi kutseka bokosi la makalata.

Kalata inafika Lachiwiri lina masana. Yuliana anaiwerenga mokweza, ataimirira. Boma linavomera gawo lachiwiri, koma la chaka chimodzi m'malo mwa ziwiri, ndipo pakatha miyezi isanu ndi umodzi adzabweranso kudzayendera. Pa dzina la Yuliana panalembedwa chenjezo limene lidzaoneka nthawi iliyonse akadzapempha thandizo. Mawu onse onena za Edilmina anayenera kuchotsedwa m'lipoti.

Dairo anapsompsona Apongozi pachivundikiro. Yuliana anakhala pansi n'kulira ngati tsiku lija la pamasitepe. Mayi Edilma anafuna kupepesanso, koma mwanayo anawagwira dzanja.

"Chaka n'chachifupi, Mayi. Nthaka ya a Arnulfo ija ili kuti?"

Mpaka lero Mayi Edilma akugwirabe ntchito pamsewu wotsetsereka uja. Lachisanu akamalowetsa nambala, Dairo amakhala pambali pawo n'kumaziwerenga mokweza imodziimodzi, mwa mawu a wansembe, mpaka iwo amumenye ndi kope paphewa. Nambala ikadutsa chikwi, dzanja lawo limaimabe pang'ono pambuyo pa nambala yoyamba, pamalo pamene Mayi Ofir ankafuna kadontho, ndipo mtima umagunda kamodzi mwamphamvu. Kenaka limapitiriza.